Injini ya Mwana wa Eni

Chaka chimene ntchito zinatha mu Dublin, ine ndinaphunzira kutsuka mabawuti. Mwana wathu anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amuna anga anali atakhala pakhomo miyezi itatu, galaja imene ankagwirako ntchito ku Coolock itatsekedwa. Sanali munthu wodziwa kukhala. Kwathu ku Ndirande anayamba kugwira sipanala asanamere ndevu. Tsopano ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala nsapato, n'kukhala pampando moyang'ana khoma. Wailesi osatsegula. Ndikawapatsa mwana ankamulandira bwinobwino, koma ngati akusungira munthu wina katundu pa depoti.

Tinkakhala ku Ongar, m'nyumba zosanjikizana. Moyang'anizana ndi windo lathu panali mdadada wina umene omanga anausiya pakati, mawindo akadali ndi mapepala ake a kufakitale. Ndinkaona kuti amuna anga akuyamba kufanana ndi mdadada umenewo, ndipo ndinkachita mantha.

Amene anawadzutsa ndi bwana wawo wakale, mzungu wa konkuno. Asanakwere ndege kupita ku Canada anabwera kudzatsanzika, n'kuwasiyira makiyi awiri: a shedi ya galaja, imene inali isanapeze wolowamo, ndi a galimoto imene inatsala mkatimo. Inali galimoto yakale ya ku America, yaitali, ya zitseko ziwiri, chiwongolero kumanzere. Ukaiona kunja umati ikhoza kuthamanga mpaka kusiya chithunzithunzi chake m'mbuyo, koma inali ya mtundu wotsika mtengo kwambiri, ya kainjini ka masilinda sikisi. Boneti ukaitsegula, malo otsala ankakwana munthu kuimamo.

"Thupi la ng'ombe, mtima wa mbuzi," anatero amuna anga madzulo a tsikulo. "Mukufunika ya masilinda eyiti muno. Ndikaiika, n'kuipenta galimotoyi, tizibwereketsa pa maukwati."

Za maukwatizo sindinazikhulupirire. Ndani ankakwatira chaka chimenecho? Koma tsikulo anadya mpaka kupempha kuwonjezera, ndiye ndinangoti, "Ikanimo, abambo."

Injini yaikuluyo anaipeza kwa anthu ophwasula magalimoto akufa, kunja kwa tauni. Anawapatsa kainjini kaja, n'kuwagwirira ntchito sabata imodzi, iwo n'kudzaitula pakhomo pa shedi itakhala pa tayala lakutha.

Ine ndinayamba kupita nawo, chifukwa kukhala ndekha m'nyumba yozizira ija sikunkandikomera. Unali ulendo wa mabasi awiri, ndi ngolo yokankhira mwana. Tikatsika tinkayenda pansi kulowa kumashedi. Malo amenewo kale ankadzaza malole, koma tsopano kunali zii. Shedi iliyonse chitseko chachitsulo chotsitsa, chikwangwani cha lendi, udzu utamera m'ming'alu ya simenti. Dzuwa lili pamutu, iwe n'kumamva matayala a ngolo ya mwana akulira kuchokera ku khoma lina kufika ku lina. Pamadenga pankakhala mbalame zoyera za kunyanja zija, zimene zimalira ngati khanda.

Ntchito yanga inali beseni la dizilo ndi mswachi wakutha. Chilichonse chimene amasula, ine kutsuka, kupukuta, n'kuika m'timakapu ta yogati motsatana ndi mmene chachokera. Mwana ankagona m'ngolo pakhomo, kutali ndi fungo. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma bawuti sindinasokonezepo ndi imodzi yomwe.

Tsiku lachitatu ndikupala dothi pamwamba pa injini, pakati pamene pali ngati chigwa, mswachi unayamba kutulutsa timagalasi. Ting'onoting'ono, tobiriwira, ngati mchere wamiyala. Kenako udzu wouma, wothinana ndi matope. Ndinapitiriza mpaka kumbuyo, ndipo pa kapaipi kena ndinapeza kamendulo kangati ndalama ya siliva, kali ndi chithunzi cha woyera wina atanyamula mwana paphewa. Kanali komangidwa ndi waya wopyapyala, wozungulizidwa kambirimbiri. Sanali mamangidwe a makaniko. Anamanga ndi munthu amene sankafuna kuti kadzagwe.

"Abambo, injiniyi yachokera m'galimoto yotani?"

"Ya ngozi. Nanga ya bwinobwino angaichotserenji?"

"Mwini wake ali kuti?"

Anapitiriza kumanga chimene ankamanga.

"Ndafunsa, abambo."

"Amayi, injini siifa. Amafa ndi anthu." Anatenga pulayazi, n'kudula waya uja, n'kuponya kamenduloko m'chitini cha zinyalala. "Zithumwa za azungu izi. Zikanagwira ntchito bwenzi injiniyi ili pano?"

Atalowa kunsi kwa galimoto, ndinapisa dzanja m'chitinimo, n'kukabisa m'thumba la matewera.

Bambo anga ankakonza njinga pa msika wa ku Lunzu. Atamwalira, zida zawo zinamangidwa m'saka, saka n'kupachikidwa kudenga. Achimwene ankazifuna kwambiri, njala ili m'nyumba, koma palibe anakhudza mpaka tsiku limene abale anakhala pansi, malume n'kumasula sakalo ndi manja awo, n'kunena kuti, "Tengani, gwiritsani ntchito." Ndinakula ndikudziwa choncho. Chinthu cha malemu sichili ngati chinthu chotola. Chimakhala ndi eni ake amoyo, ndipo amene amachimasula ndi iwowo. Injini imeneyi palibe anaimasula. Inangokokedwa mumsewu ndi tcheni.

Koma ndikanati bwanji? Amuna anga anali atayambiranso kuimba mluzu. Ndikanawalanda injini, ndikanawabwezera kumpando kuja.

Ntchito inatenga masabata asanu ndi limodzi. Injini inakana kukhala pa miyendo ya inzake ija, anachita kudula zitsulo n'kuwotcherera zina. Giyabokosi inagunda pansi pa galimoto, anachita kumenya ndi hamala kuti ipeze malo. Ledieta inafunika yaikulu. Tsiku lotsitsira injini, ine ndiye ndinkakoka tcheni pang'onopang'ono, iwo akuilondolera ndi manja. Itakhala, galimoto inagwada. Kutsogolo kunatsika mpaka matayala kubisala, ngati munthu amene wasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake.

"Mwaona? Yalemedwa," ndinatero.

"Ndi masipuling'i chabe. Inunso tsiku loyamba kubereka mwana kumbuyo simunawerame?"

Tsiku loilizira koyamba kunali kamvula kowaza, cha m'ma leveni m'mawa. Mapaipi a utsi anali asanaike. Atapotoza kiyi, inakhosomola kawiri, kenako inabangula. Sindinamvepo phokoso lotero. Denga lamalata linanjenjemera, timakapu tanga tinayamba kuyenda tokha patebulo, mbalame zonse zinauluka. Ndinanyamula mwana, kumutseka makutu ndi chipewa, n'kutuluka kupita kumsewu. Iwo ankaithimitsa, kusintha china, kuilizanso, kwa ola lathunthu.

Ndikuyendayenda ndi mwana, ndinaona galu. Wakuda, wokalamba, wa imvi kukamwa. Anali atakhala pakati penipeni pa msewu, maso ali pa chitseko cha shedi yathu. Kumbuyo kwake kunaima mkulu wina wachizungu, wamtali, wovala chikhothi chachitali, mutu uli pamtunda. Sindinawaone pobwera. Sanandiyang'ane, ngakhale ndinali pafupi moti ndikanaponya mwala n'kuwapeza. Onse awiri ankangomvetsera. Injini itazima komaliza, galu anadzuka, mkuluyo anatembenuka, n'kumapita mpaka anakhota pakona.

Ndinawauza amuna anga. Anatuluka akupukuta manja, n'kupeza msewu uli mbee.

"Munthu woyendetsa galu wake, basi."

"Kuno? Kuli chiyani kuno choti munthu n'kuyendetserako galu?"

Ine ndine munthu wodikira. Ndinayamba kusunga masiku mumtima. Masiku atatu otsatira amuna anga anali pa mawaya, injini sinalire, ndipo mumsewu simunadutse ngakhale mphaka. Lachisanu inalira. Theka la ola lisanakwane, galu anali pamalo pake, mkulu uja kumbuyo kwake. Lolemba chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Nthawi zonse amuna anga mutu uli m'boneti, ndipo ndikalowa kukawaitana iwo ankathimitsa injini kuti andimve, potuluka n'kupeza apita.

Ndinayamba kuona nkhope ya mkuluyo ndikatseka maso. Ndinkaganiza kuti mwina ndi mzukwa wa mwini wake wa injini.

Kutchalitchi kwathu kunali mayi wina wa ku Zambia, nesi pa chipatala chachikulu cha ku Beaumont, munthu wosadziwa kunong'ona. Ndinawauza titatuluka m'mapemphero, tikumwa tiyi.

"Imwe amake mwana, chipuku chiyenda na galu?" anatero, n'kuseka mpaka tiyi kutayikira. "Mvula imunyowetsa?"

"Amanyowa. Tsitsi limachita kumata."

"Ndiye ni munthu uyo! Bazungu sibaziba kuuka, bakafa bafa chabe. Mupatseni moni. Olo muyopa Chizungu?"

Ndinaseka nawo, koma mtima sunatsike.

Sabata imeneyo amuna anga anamaliza mapaipi a utsi ndi masipuling'i, galimoto n'kudzuka kuima bwino. Anaikanso malamba kumpando wakumbuyo kuti pakhale mpando wa mwana. Lachitatu madzulo tili m'basi anati, "Sande lino tonse atatu tipita kutchalitchi pa galimoto. Anthu aione."

"Mabuleki mwasintha?"

Anandiyang'ana. "Mwayamba umakaniko?"

"Mwasintha injini, mwasintha ledieta, mwasintha masipuling'i. Ine ndatsuka zonse. Za mabuleki sindinatsukepo ndi chimodzi chomwe."

"Omwewo agwira. Ndiziyendetsa pang'onopang'ono. Akuluakuluwo tidzaika ikayamba kugwira ntchito."

Ndinawadziwa mawu amenewo. Akanena choncho ndiye kuti zatha. Ndinayang'ana mwana ali m'tulo, kamwa ili yasa, ndipo ndinadziwa kuti m'galimoto imeneyo sindimulowetsa injiniyo isanamasulidwe. Ndinadziwanso kuti ndikakana Lamulungu m'mawa, anthu atauzidwa kale, ndiwathyola amuna anga pamalo pomwe anali atangoyamba kupola. Panatsala masiku atatu.

Lachinayi ndinatenga chitenje ndi paketi ya shuga. Kwathu pakhomo pamene panagwa maliro supita chimanjamanja, ngakhale papite zaka. Injini italira ndinatuluka, n'kumanga chitenje pamwamba pa thalauza, n'kudikira. Atafika, ndinasiya ngolo pambali pa khoma, ndinayenda mpaka pamaso pa mkuluyo, n'kugwada pa simenti yonyowa. Galu anandinunkhiza dzanja, ndipo mpweya wake unali wofunda. Apo mpamene ndinapuma.

Mkuluyo anadzidzimuka, n'kuwerama kuti andidzutse. "Mwagwa, mwana wanga? Mwavulala?"

Chizungu changa n'chothyokathyoka, koma tinamvana. Ndinati sindinagwe, ndi ulemu wa kwathu. Ndinatambasula manja, kwina shuga, kwina kamendulo. Shuga sanamuone n'komwe. Anatenga kamenduloko, n'kukayandikiza kumaso, injini ikubangula kumbuyo kwanga.

"Anamanga ndi mayi ake," anatero. "Iye sankafuna. Anamanga iye ali kuntchito."

Mwini injiniyo anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Nayenso anali ndi galimoto ya mtundu womwewu, ya kainjini kakang'ono, ndipo anaikamo injini imeneyi ndi manja ake, kuseri kwa nyumba yawo. Panali patapita zaka ziwiri chichitikireni ngoziyo, pa kona ina ya msewu wa kumudzi, masana dzuwa likuwala. Mayi ake anatsatira chaka chotsatira.

"Nanga munadziwa bwanji kuti ili kuno, agogo?"

"Ine? Ine zakutali sindimva, makutu anatha. Ndimakhala uko, pafupi ndi chipatala chachikulu." Analoza ndi chibwano kutali, kupyola madenga onse. "Ndi galuyu. Anali wake. Mnyamatayo akamabwera kudzadya Lamulungu, uyu ankadzuka kupita pachitseko galimoto isanaoneke. Zaka ziwiri sanachiteko. Ndiye tsiku lija wadzuka, wapita pachitseko, akulira. Ndinamutsegulira, n'kumutsatira. Njira yonse ndinkayenda ndikuganiza kuti..."

Sanamalize.

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera: kuti kwathu chinthu cha malemu sitigwiritsa ntchito abale ake asanalole, kuti amuna anga sanadziwe kwa kupempha, kuti Lamulungu akufuna kukwezamo mwana uyo ali m'ngoloyo. Ndinati ndabwera kudzapempha.

Anayang'ana ngolo. Kenako, koyamba chiyambireni kubwera, anayenda kulowa m'shedi.

Amuna anga atadzutsa mutu n'kuona mzungu wonyowa ali pambali pawo, anathimitsa injini msangamsanga. Ankaganiza kuti ndi mwini mashedi. Ndinawauza m'Chichewa, mwachidule: "Bambo ake a mwini injini." Sipanala inawagwa m'manja. Anavula chipewa.

Mkuluyo injini sanaiyang'ane. Anagwira galimoto, n'kugwada movutikira pa tayala lakutsogolo, n'kusuzumira kuseri kwake. Anapisa dzanja, kukhudza, n'kudzuka.

"Mabuleki awa ndi amene inabwera nawo?"

"Inde, bwana. Koma ndisintha posachedwa."

"Posachedwa," anatero mkuluyo. Anaika kamendulo m'thumba la chikhothi, n'kutuluka, galu pambuyo. Shuga anatsala pa simenti, pepala litanyowa.

Ndinadziwa kuti akana. Lachisanu amuna anga anailiza injini ola lathunthu, ndipo ulendo uno ankatuluka okha kukasuzumira mumsewu. Sikunabwere munthu, sikunabwere galu. Ine zimenezo zinandiopsa kuposa kubwera kwawo.

Loweruka tinafika mochedwa, basi yoyamba itatisiya. Tikukhota pakona ndinamva kulira kwa timatayala, osati ta ngolo yanga. Pakhomo pa shedi yotseka panali galu, ndi mkulu uja atagwira tolole ya kusitolo. Injini inali isanalire tsikulo. M'tololemo munali makatoni awiri olemera, osatsegula, tepi ikadali ya kufakitale, mapepala a positi atachita chikasu.

"Mwana wanga anaitanitsa yekha kuchokera ku America," anatero. "Nayenso ankati posachedwa. Makatoniwa anafika patapita masiku anayi titamuika m'manda. Ndinasainira ndine."

Amuna anga anadula tepi ndi kiyi. Munali mabuleki aakulu, a zimbale, atsopano, ali m'mapepala amafuta. Anakhala chogwada pamenepo, dzanja lili pa chitsulo, osadzutsa mutu. Ndinatembenuka kukakonza bulangete la mwana, limene silinkafunika kukonza.

Lamulungu tinapita kutchalitchi pa basi. Mayi wa ku Zambia uja anatichingamira pakhomo. "Ili kuti motoka ya maukwati? Ndavala na nsapato zatsopano!"

"Ikuphunzira kuima kaye," anatero amuna anga.

Kuika mabulekiwo kunatenga masabata awiri, chifukwa panafunikanso mapaipi ena ndi matayala okulirapo. Mkuluyo ankabwera masiku ena, kukhala pa kireti, kumwa tiyi wa m'fulasiki yathu. Sankalankhula zambiri. Pochotsa mpweya m'mapaipi, mkuluyo ndiye anakhala pa chiwongolero kupondaponda, amuna anga ali kunsi akukuwa kuti ponda, gwira, siya, ine ndili pakati kuwapatsira mawu ndi manja poti makutu aja sankamva.

Tsiku lomaliza anatulutsa kamendulo ndi kawaya katsopano. Anawerama m'boneti, n'kupeza kapaipi komwe kaja popanda womuuza, n'kumanga, kuzunguliza kambirimbiri. Atatha anandiyang'ana.

"Kwanu amanena chiyani?"

"Amati, tengani, gwiritsani ntchito."

Anayesa kunena m'Chichewa, lilime n'kukana, tonse n'kuseka. Ndiye ananena m'chinenero chawo, dzanja lili pa injini.

Amuna anga anaitulutsa kaye okha. Anapita nayo mpaka kumapeto kwa mashedi, kubwera mothamanga, n'kuponda. Inaima pomwepo, mphuno n'kugwada pang'ono, n'kudzuka. Anachita katatu. Kachinayi ndinamasula mwana m'ngolo, n'kumumanga pampando wake kumbuyo ndi manja anga, n'kukhala pambali pake. Mkuluyo anakhala kutsogolo.

Galu anakana kukwera. Tinamuitana tonse, mwini wake anachita kumenya mpando ndi dzanja, koma sanatiyang'ane. Anali atakhala pakhomo pa shedi, msana kwa ife, akuyang'ana mkati, pamalo pamene galimoto inkaima. Panalibe kanthu pamenepo koma madontho a oyilo ndi timakapu tanga. Ankagwedeza mchira pang'onopang'ono, mutu utapendekera m'mwamba, monga amachitira galu munthu akamamukanda kukhosi.

Tinazungulira mashedi kawiri, mwana akuseka phokoso, ndipo pobwera tinapeza galu atagona pansi, mutu pa miyendo. Mkuluyo anamumanga chingwe, n'kumapita kwawo wapansi, atakana kuti tiwaperekeze.

Shediyo tinakhalamo miyezi ina inayi, ndipo injini inkalira pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkatulukabe ndi mwana kukayang'ana kumsewu. Galu sanabwerenso.